Mapu a Native Land amaonetsa eni nthaka, koma njira za m'maloto sizikwanamo

Native Land Digital ndi bungwe la ku Canada losafuna phindu, ndipo limadziwika ndi ntchito imodzi yaikulu, yomwe ndi mapu a pa intaneti a native-land.ca. Mapuwa amaonetsa madera a mafuko a eni nthaka, zilankhulo zawo, komanso mapangano amene mafukowo anasainirana ndi maboma a atsamunda. Ntchitoyi inayambidwa m'chaka cha 2015 ndi Victor Temprano, munthu wa ku British Columbia amene si wa fuko la eni nthaka, ndipo m'chaka cha 2018 inasanduka bungwe lotsogozedwa ndi eni nthaka enieniwo. Mapuwa ndi aulere, munthu amawatsegula pa kompyuta kapena pa foni osalipira kanthu, ndipo anayambira ku North America asanafalikire ku South America, Australia, New Zealand ndi madera ena. Ndawayesa ndi funso limodzi, lomwe ndikuona kuti ndilo muyeso woyenera wa chida chilichonse chofuna kuonetsa dziko monga momwe eni ake amalidziwira: kodi mapu otere angasenze nzeru za mafuko amene amaphunzira dziko lawo ndi mapazi komanso ndi maloto?

Zabwino zake ziyenera kunenedwa poyamba chifukwa ndi zenizeni. Munthu akangotsegula tsambalo amalandira chenjezo lomveka bwino lakuti mapuwa sakuonetsa malire ovomerezeka mwalamulo, kuti ntchitoyi ikupitirirabe, ndiponso kuti wofuna kudziwa zoona za dera lililonse afunse fuko la kumaloko. Ndi mapu ochepa amene amayamba ndi kuchenjeza owerenga kuti asawakhulupirire kotheratu, ndipo kudzichepetsa kumeneku n'koyenera kuyamikiridwa. Chenjezolo likachoka, chimene chimaoneka ndi dziko limene malire a maboma amakono sakulamuliramo. Mzere woongoka uja umene umagawa Canada ndi United States suli patsogolo, ndipo m'malo mwake muli madera a mawanga osiyanasiyana, ena aakulu ena aang'ono, ambiri atasanjikizana. Munthu akalemba dzina la tauni m'kabokosi kofufuzira, mapu amamutengera pamalopo n'kumutchulira mafuko onse amene nthakayo imawakhudza, ndipo akadina dzina la fuko amafika pa tsamba limene limamulozera kumasamba a fukolo ndi komwe mapuwo anachokera. Pali mabatani osinthira pakati pa madera, zilankhulo ndi mapangano, komanso malangizo a aphunzitsi ndi a anthu ofuna kutchula eni nthaka poyamba msonkhano.

Kusanjikizana kwa maderako ndiko mphamvu yaikulu ya mapuwa. Mapu a boma amafuna kuti phazi lililonse la nthaka likhale ndi mwini mmodzi, pamene mafuko ambiri osaka nyama ankagawana mitsinje, madambo ndi mapiri malinga ndi nyengo, ukwati ndi ubale. Okonza mapuwa anakana kusankha mbali, ndipo anasiya mawanga atatu kapena anayi agonerane pamalo amodzi. Wophunzira amene akuona zimenezi koyamba amazindikira msanga kuti malire akhoza kukhala chinthu chokambirana, osati mpanda.

Komabe mawangawo ali ndi m'mphepete, ndipo apa ndi pamene funso langa likuyamba kuluma. Malo abwino oyeserapo ndi tauni ya Fort St. John, kumpoto chakum'mawa kwa British Columbia, m'chigwa cha mtsinje wa Peace. Kumeneko ndi kwawo kwa a Dane-zaa, amene azungu ankawatcha Beaver, ndipo mapuwa amawatchula molondola pamodzi ndi oyandikana nawo. Munthu akasinthira ku mapangano amaona dera lalikulu la Treaty 8, pangano limene linasainidwa koyamba ku Lesser Slave Lake m'chaka cha 1899, ndipo a Dane-zaa a ku Fort St. John analowamo m'chaka cha 1900. Zonsezi ndi zoona ndipo ndi zothandiza. Koma a Dane-zaa sankadziwa dziko lawo monga chigawo chopakidwa utoto umodzi. Ankalidziwa monga njira zambirimbiri zopingasana, za anthu, za nyama, za dzuwa ndi za mizimu, ndipo zina mwa njirazo ankaziyenda ali m'tulo.

Zimene akuluakulu a fukoli anafotokozera Robin Ridington, katswiri amene anayamba kujambula mawu ndi nyimbo zawo m'zaka za m'ma 1960, zimaonetsa kuti maloto anali mbali ya luso la ulenje. Mlenje wodziwa ntchito yake ankagona mutu utaloza kotulukira dzuwa, ndipo m'maloto ankafuna kufika pamalo pamene njira yake idzakumane ndi njira ya nyama, makamaka moose, nyama yaikulu ya nyanga zotambalala imene inkadyetsa mabanja awo. Kukacha ankapita kukakwaniritsa mkumano umene wachitika kale usiku. Amene angafulumire kunena kuti izi ndi zikhulupiriro chabe aganizire zimene mlenjeyo ankagona nazo m'mutu: mapazi amene anawaona dzana, komwe mphepo yakhala ikuchokera, kuya kwa chipale, mitengo imene nyama yabudula, ndi nkhani za atate ake zokhudza dambo lomwelo. Loto linkasonkhanitsa zonsezi n'kuzisandutsa chisankho cha komwe apite m'mawa. Eni ake amanena zoposa pamenepa, amati nyamayo imadzipereka kwa mlenje amene waisunga mwaulemu m'maloto, ndipo ine sindikuona chifukwa chochepetsera mawu awo kuti akwane m'kafotokozedwe kanga.

Pamwamba pa alenje panali Olota, aneneri a fukoli, amene ankalotera anthu onse. Iwo ankati amatsata njira yopita kumwamba monga mbalame za swan zimene zimauluka kupita kutali n'kubwereranso nyengo ikasintha, ndipo ankabwerako ndi nyimbo zimene anthu amavina mozungulira moto, potsata mbali imene dzuwa limayendera. Wolota woyamba amene amakumbukiridwa kwambiri ndi Makénúúnatane, ndipo womaliza anali Charlie Yahey, amene anamwalira m'chaka cha 1976. Olota ena ankajambula zimene aona pa zikopa za ng'oma zawo, moti ng'omayo inali chida choimbira komanso mapu. Nyimbo, njira ndi malo zinali chinthu chimodzi, chifukwa nyimbo iliyonse imakumbukiridwa pamodzi ndi amene anailota ndi kumene anthu anasonkhana poivina.

Chochitika chimodzi chimaonetsa bwino kusiyana kwa mapu a mitundu iwiriyi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunali ganizo loika paipi ya gasi yotsata msewu wa Alaska Highway, kudutsa m'dziko la mafukowa. Hugh Brody, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anagwira ntchito ndi alenje a m'deralo, aliyense akujambula pa mapu a boma malo onse amene anasakapo nyama, kutchera misampha, kuwedza nsomba ndi kuthyola zipatso pa moyo wake, njira yofanana ndi imene a Inuit, eni nthaka a kumpoto kwenikweni kwa Canada, anagwiritsa ntchito pa kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 1976. M'buku lake la 1981 lotchedwa Maps and Dreams, Brody akufotokoza kuti pa msonkhano wina ndi akuluakulu a za paipiyo, anthu a m'mudzimo anabweretsa mtolo wokutidwa ndi chikopa cha moose, n'kufunyulula mapu a maloto aakulu ngati tebulo limene anawayalapo, odzaza ndi tizizindikiro tambirimbiri ta mawanga osiyanasiyana. Analozera alendowo komwe kuli kumwamba, njira yoyenera kutsata, njira yosocheretsa, ndi komwe kuli nyama. Ngodya imodzi ya mapuwo inali itadulidwa, chifukwa anaiika m'manda pamodzi ndi munthu wina amene anthu ankaopa kuti avutika kupeza njira yopita kumwamba. Alendowo anayang'ana mwaulemu, koma analibe pokalemba umboni wotere m'mapepala awo.

Ngodya yodulidwayo imandiuza zambiri kuposa china chilichonse pa nkhaniyi. Mapuwo sanapangidwe kuti akhale athunthu m'kabati, anapangidwa kuti wina ayende nawo, ndipo anali ndi phindu pamene anaperekedwa kwa woyendayo. Mapu a Native Land, ngakhale ali ndi cholinga chabwino, ndi a banja limodzi ndi mapu a alendo aja. Amayang'ana dziko kuchokera pamwamba, amaika kumpoto kumtunda, ndipo amayankha funso lakuti nthaka iyi ndi ya yani. Mapu a maloto amayang'ana dziko kuchokera m'maso mwa munthu amene ali pa ulendo, ndipo amayankha funso lakuti ndikachoka pano ndidzere kuti, ndidzakumana ndi yani, ndipo ndiyenera kukhala munthu wotani kuti ndikafike.

Wina anganene kuti kusiyana kumeneku n'kwa akatswiri okha, koma mbiri ya dera lomweli ikuonetsa kuti kuli ndi mtengo wake. Malo amene a Dane-zaa ankasonkhanako chilimwe chilichonse kudzavina nyimbo za Olota anali ku Montney, kumpoto kwa Fort St. John. M'chaka cha 1945 nthakayo inachoka m'manja mwawo, boma linaigawira asilikali obwera kunkhondo, ndipo pambuyo pake pansi pake panapezeka mafuta ndi gasi. Khothi lalikulu la Canada linagamula m'chaka cha 1995 kuti boma linalephera udindo wake pa nkhani ya chuma cha pansi pa nthakayo, ndipo m'chaka cha 1998 panaperekedwa chipukuta misozi cha madola a ku Canada 147 miliyoni. Kenaka kunabwera zitsime za gasi, misewu, mizere yolambulidwa m'nkhalango pofufuza mafuta, minda ndi madamu a pa mtsinje wa Peace. Kafukufuku wa m'chaka cha 2016 anapeza kuti magawo 73 pa 100 alionse a dziko la fuko la Blueberry River, limodzi mwa magulu a Dane-zaa, anali pa mtunda wosapitirira mamita 250 kuchokera pamalo osokonezedwa ndi ntchito zoterezi. M'chaka cha 2021, pa mlandu wa Yahey, wotchedwa ndi dzina la mfumu ya fukoli imene inasuma, khothi lalikulu la British Columbia linavomereza kuti zonsezi zikaphatikizidwa zaphwanya ufulu umene fukoli linalonjezedwa mu Treaty 8. Munthu woyang'ana pa native-land.ca sangaone chilichonse cha izi. Dera la Dane-zaa limaoneka losalala, la utoto umodzi, lopanda chipsera, pamene chimene chinawonongeka ndi njira za m'kati mwake. Mlenje sangalote mkumano ndi nyama pa njira imene yadulidwa pakhumi, ndipo mapu oonetsa m'mphepete mokha amabisa chiwonongeko cha mtundu umenewu popanda kufuna kutero.

Ku Australia vutoli limaonekera mwa njira ina. Mapuwa amadzaza dziko lonselo ndi mayina a mafuko, zomwe zokha n'zokwanira kugwetsa bodza lakale lakuti nthakayo inalibe mwini, bodza limene khothi linalikana pa mlandu wa Mabo m'chaka cha 1992. Koma chimene chimamanga mafuko a m'chipululu ndi njira za makolo oyambirira amene anaumba mapiri ndi zitsime, zimene a Anangu, eni nthaka a pakati pa Australia, amazitcha Tjukurpa. Limeneli ndi lamulo ndi mbiri ya chilengedwe, ndipo si maloto a usiku, ngakhale kuti maloto a usiku ndi khomo limodzi lolowera mmenemo. Njira zimenezi zimadutsa m'madera a zilankhulo zambiri, fuko lililonse likusunga ndime yake ya nyimbo, moti pa mapu a mawanga zimadukaduka pa malire aliwonse. M'chaka cha 1997 anthu oposa 40 a ku Great Sandy Desert anajambula chinsalu cha Ngurrara, cha mamita 8 m'lifupi ndi 10 m'litali, choonetsa zitsime zawo ndi njira zolumikiza zitsimezo, ndipo aliyense popereka umboni wa umwini wa nthaka ankaimirira pa gawo lake la chinsalucho n'kulifotokoza m'chilankhulo chake. Ufulu wawo unavomerezedwa m'chaka cha 2007. Chinsalucho chinagwira ntchito chifukwa mwini wake anali ataimapo. Pa kompyuta palibe amene waima pa mapuwo, ndipo aliyense akhoza kuwakuza, kuwachepetsa ndi kuwajambula osafunsa munthu.

Nkhani ya Rover Thomas, katswiri wojambula wa eni nthaka a ku Australia, imaonetsanso kuti maloto amapanga mapu atsopano, sangosunga akale okha. Cha pakati pa zaka za m'ma 1970, ku Warmun m'dera la Kimberley, iye analandira m'maloto mwambo wa Gurirr Gurirr kuchokera kwa mzimu wa mayi wina wachibale amene anamwalira atachita ngozi ya galimoto. Nyimbo za mwambowo zimatsata ulendo wa mzimuwo malo ndi malo, mpaka pamene unaona mzinda wa Darwin utasakazidwa ndi namondwe wa Tracy wa m'chaka cha 1974. Ovina ankanyamula matabwa ojambulidwa malo amenewo, ndipo luso lojambula limene linatchukitsa dera la Warmun linakulira pamenepo. Choncho dziko limene eni ake amalidziwa limawonjezeka ndi zochitika za dzulo, pamene mawanga a pa mapu a Native Land satiuza ngakhale nthawi imene akuimira. Ichi ndi chofooka chimene chimandivutitsa kwambiri pogwiritsa ntchito mapuwa. Dera lina linatengedwa pa mapu a akatswiri akale, lina pa mapu amene fuko lajambula posachedwa, ndipo onse amagonera limodzi ngati kuti ndi a tsiku limodzi. Mafuko amene anasamutsidwa mokakamizidwa, monga a Cherokee amene anachotsedwa kum'mwera chakum'mawa kwa United States m'zaka za m'ma 1830 kupita kumene tsopano ndi Oklahoma, ali ndi mbiri imene singamveke popanda zaka.

Kodi ndiye kuti okonza mapuwa awonjezere batani lachinayi la maloto? Ndikukana, ndipo apa ndikuwaikira kumbuyo. Nzeru zimenezi zili ndi eni ake ndi malamulo ake. Ku Australia ndime zina za nyimbo ndi za amuna okha, zina za akazi okha, zina za ovinidwa okha, ndipo kuziika poyera n'kulakwira lamulo la fukolo. Mapu a maloto a Dane-zaa sankafunyululidwa wamba, ndipo anthu aja anaonetsa mapuwo pa msonkhano uja chifukwa dziko lawo linali pangozi. A Achuar a ku Ecuador ndi Peru amadzuka kusanache n'kumakambirana maloto awo akumwa wayusa, chakumwa cha masamba, asanasankhe zochita za tsikulo, ndipo zokambiranazo ndi za banja, zosintha m'mawa uliwonse, zosatheka kuzikhomera pa mapu. Palinso chiopsezo chodziwikiratu, chakuti mapu oonetsa malo opatulika, manda ndi mokhala nyama amathandiza wofuna kuwateteza komanso wofuna kukumba pamenepo mofanana. Chete wa native-land.ca pa nkhani zimenezi ndi woyenera. Cholakwika n'chakuti chetewo sadziwika kuti ndi chete. Chenjezo la poyamba limanena za malire okha, kuti mwina sali pamalo pake, koma silimufikitsa wowerenga pomvetsa kuti kwa mafuko ambiri malire si chinthu choyamba podziwa dziko.

Zimene ndingapemphe okonza ndi zochepa ndipo n'zotheka. Tsamba la fuko lililonse likhale ndi malo amene fukolo, ngati lifuna, linenepo m'mawu akeake momwe limadziwira dziko lake, ngakhale ndime imodzi yokha. Dera lililonse lionetse poyera chaka kapena nyengo imene likuimira. Ndipo kumene fuko lavomereza, mitsinje, njira zakale ndi malo osonkhanira zioneke ndi mayina a eni ake, kuti diso la wowerenga lizolowere kutsata njira m'malo momangoyeza kukula kwa banga. Ndiyeneranso kunena kuti kuzama kwa mapuwa sikofanana konse. Ku North America ndi ku Australia ndi odzaza, pamene m'madera ena a dziko lapansi ndi apatalipatali, ndipo wowerenga wosachenjera angaganize kuti kumene kulibe banga kulibenso eni nthaka. Zofotokozera zambiri zili m'Chingelezi, zomwe zimachepetsa chiwerengero cha anthu amene angapindule nazo mokwanira.

Kwa mphunzitsi wa mbiri kapena wa za malo, kwa mtolankhani, ndi kwa aliyense wofuna kudziwa dzina la fuko limene nthaka ya tauni ina yake ndi yawo, mapuwa ndikuwavomereza ndi mtima wonse, ndipo sindikudziwa chida china chaulere chimene chimapereka yankho limeneli mofulumira chotere. Kwa woweruza mkangano wa malire kapena kampani yofuna kudziwa woyenera kukambirana naye, mapuwa si umboni, monga eni ake amanenera okha. Kwa munthu amene akufuna kumvetsa za Olota ndi dziko lawo, phindu la mapuwa lili pa maulalo amene amatulukira kunja. Fuko la Doig River, lomwe ndi limodzi mwa magulu a Dane-zaa, linakonza m'chaka cha 2007 chionetsero cha pa intaneti chotchedwa Dane Wajich, mmene akuluakulu anapita ndi achinyamata awo kumalo enieni, n'kujambulidwa akusimba nkhani ndi kuimba nyimbo za Olota m'chilankhulo chawo ataima pamalopo. Iwo ndi amene anasankha malo oti apiteko, nkhani zoti zimveke ndi zoti zisatuluke. Mphunzitsi amene waonetsa ophunzira ake banga la Dane-zaa pa native-land.ca achite bwino kuwatengera ku ntchito imeneyi m'phunziro lomwelo, asanawapatse funso lililonse loti ayankhe.